Kuposita za kuntchito pa masamba a mchezo: mafunso ndi mayankho

Ambiri amene amalowa m'mavuto kuntchito chifukwa cha Facebook, WhatsApp, TikTok kapena X sakhala kuti anakonza zolimbana ndi mabwana awo. Amakhala kuti analembera anthu asanu, n'kuwerenga anthu ena amene sanawaganizire n'komwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ogwira ntchito amakonda kufunsa pa nkhaniyi. Malamulo a za ntchito amasiyana dziko ndi dziko, choncho pomwe patchulidwa lamulo kapena chigamulo cha khoti patchulidwanso dziko lake. La kwanu mulifufuze kwanuko.

Foni ndi yanga, akaunti ndi yanga, bandulo ndagula ndekha, ndipo ndinalemba nditaweruka. Abwana zikuwakhudza pati?

Nkhani ikafika ku komiti yoona za mwambo kuntchito kapena kukhoti, safunsa kuti foni ndi ya ndani. Amafunsa ngati wowerenga akanatha kudziwa kumene mumagwira ntchito, komanso chimene zolemba zanuzo zaononga. Ngati pa profile yanu munalembapo dzina la kampani, kapena muli ndi zithunzi mutavala yunifolomu, funso loyambalo munaliyankha kale nokha. Mu 2008 kampani ya Virgin Atlantic inachotsa ntchito anthu 13 otumikira m'ndege atalemba pa Facebook zonyoza okwera ndege ndi zokayikitsa chitetezo cha ndegezo. Kwa iwo kunali kucheza. Kwa kampani inali mbiri yake ikugulitsidwa pa msika ndi anthu ake omwe.

Sikuti olemba ntchito amapambana nthawi zonse ayi. Mu 2012 khoti lalikulu ku England linagamula kuti bungwe lina loyang'anira nyumba linaphwanya mgwirizano wa ntchito pomwe linatsitsa udindo ndi malipiro a manijala wake chifukwa cha maganizo amene analemba pa Facebook, pa nkhani yomanga maukwati a amuna kapena akazi okhaokha m'tchalitchi. Woweruza anaona kuti tsambalo linali la moyo wake wa kunja kwa ntchito, ngakhale analembapo kumene amagwira, ndiponso kuti analemba mosatukwana munthu. Anapambana mlandu, koma chipukuta misozi sichinafike ngakhale £100. Musanalimbe mtima kuti khoti lidzakuikirani kumbuyo, kumbukirani kuti kupambana kwina kumakhala kotero.

Ndimaposita moti aone anzanga okha. Si zokwanira zimenezo?

Zimathandiza ndithu, ndipo pitirizani kutero. Koma loko wa pa akaunti amatchinga alendo, satchinga mnzanu amene ali kale mkati kujambula screenshot. Nkhani imafika pa tebulo la abwana kudzera mwa munthu amene munamulandira nokha: mnzanu wa mu ofesi momwemo, mkazi wa mnzanu, kapena uja munkamwera naye limodzi tiyi chaka chatha koma pano mukulimbirana udindo umodzi. Ena satumiza n'cholinga choipa. Amangoseka, n'kutumizira wina kuti nayenso aseke.

Gulu la WhatsApp ndilo limapusitsa kwambiri, chifukwa munthu amamva ngati ali m'chipinda chotseka. Mu Ogasiti 2023 khoti lalikulu la milandu ya za ntchito ku Germany linaweruza nkhani ya gulu la WhatsApp la anthu 7, mabwenzi akalekale, awiri mwa iwo pachibale. M'gululo munkalembedwa mawu otukwana mabwana ndi anzawo a kuntchito, ena a tsankho, ena olimbikitsa chiwawa. Zokambiranazo zitafika kwa olemba ntchito, anthu anachotsedwa. Makhoti aang'ono anali atawaikira kumbuyo ponena kuti zinali zachinsinsi, koma khoti lalikululo linakana, n'kunena kuti wolemba zoopsa chonchi ayenera kufotokoza bwino chimene chinamupangitsa kuyembekezera kuti palibe angazitulutse. Amenewo anali anthu 7 odziwana kuyambira kale. Gulu la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo m'gulu la dipatimenti yonse mumakhala manambala ena amene simudziwa n'komwe eni ake.

Nanga status? Imachoka yokha pakatha maola 24.

Screenshot imatenga sekondi imodzi, ndipo WhatsApp sikuuzani kuti wina wajambula status yanu.

Sindinatchule dzina la munthu kapena la kampani. Angandigwire bwanji?

Msonkhano watha 10 koloko, abwana atsopano akudzudzulani pa gulu. Pofika 10:15 status yanu yalembedwa kuti, "Anthu ena akangopatsidwa kaudindo amaiwala kumene anachokera." Mu ofesi yonse palibe amene akufunika kumumasulira. Kuphiphiritsa kumabisa nkhani kwa anthu akunja, amene alibe nayo ntchito, koma kwa amene mumagwira nawo kumakhala ngati mwalemba dzina ndi nambala ya foni. Ngakhale pa milandu yoipitsa mbiri ya munthu, malamulo a m'mayiko ambiri safuna kuti dzina lichite kutchulidwa. Bola owerenga athe kuzindikira amene akunenedwa.

Onditsatira ndi ochepa kwambiri. Ndani angaone?

Mu Disembala 2013 mayi wina amene ankagwira ntchito yosamala mbiri ya kampani ina ya ku New York analemba pa Twitter nthabwala yonyansa yokhudza Edzi ndi khungu la anthu, ali pa bwalo la ndege ku London. Omutsatira anali pafupifupi 170. Anazimitsa foni n'kukwera ndege ya maola 11 yopita ku Cape Town. Pomwe ankatera, anthu m'mayiko ambirimbiri anali akudikira kuti atsike, ndipo ntchito inathera pomwepo. Nambala ya okutsatirani imangonena za amene ayambe kuona. Zotsatira zake zili m'manja mwa mmodzi yekha mwa iwo amene angasheye.

Ndi chithunzi chabe, ndikumwetulira pa desiki yanga. Cholakwika n'chiyani?

Nkhope yanu ilibe mlandu. Mlandu uli kumbuyo kwanuko. Musanaposite, tambasulani chithunzicho ndi zala ziwiri, muyang'ane m'makona monse mmene angayang'anire munthu wosakufunirani zabwino. Pa bolodi yoyera pali manambala a malonda a mwezi uno omwe sanafufutidwe msonkhano utatha. Pa sikirini ya kompyuta pali imelo yotsegula, dzina la kasitomala lili pamwamba. M'mphepete mwa sikiriniyo mwamatidwa kapepala kachikasu kolembedwa pasiwedi. Pakhosi panu pali chiphaso cha ntchito, dzina, nambala ndi barcode zonse zili poyera, zokwanira kuti wina asindikize chake chofanana n'kulowa nacho pa geti. Makamera a mafoni a masiku ano amatola zilembo zimene diso lanu silinazione pojambula.

Zoterezi zimagwera ngakhale akatswiri. Mu Epulo 2015 wailesi ya kanema ya TV5Monde ya ku France inathyoleredwa makompyuta mpaka kusiya kuulutsa. Mtolankhani wake akufunsidwa mafunso pa kanema za chiwembu chomwecho, kumbuyo kwake kunkaoneka mapepala omatidwa okhala ndi mapasiwedi a masamba a mchezo a wailesiyo. Mu Januwale 2018, ofesi yochenjeza anthu za ngozi ku Hawaii itatumiza molakwika uthenga woti kukubwera mzinga, anthu anafukula chithunzi chakale cha mu ofesiyo chomwe chinkaonetsa pasiwedi pa kapepala komatidwa pa kompyuta. Mwezi womwewo zinadziwika kuti mapu a Strava, pulogalamu yosunga njira zimene anthu athamanga, ankaonetsa malo a misasa ya asilikali m'mayiko monga Afghanistan ndi Syria, chifukwa asilikaliwo ankathamanga mozungulira msasa foni kapena wotchi ili yoyatsa. Palibe msilikali amene analemba chinsinsi. Anangothamanga basi.

Kwa ine, apa ndi pamene anthu abwinobwino amagwera. Wodandaula amadziwa kuti akuputa moto, ndiye amayamba waganiza. Wodzijambula amakhala akusangalala ndi ntchito yake, sadziwa n'komwe kuti pali chimene waulula. Ngati m'chithunzimo muli anzanu, afunseni kaye. Wina sakufuna kuti munthu amene anamuthawa adziwe kumene akugwira ntchito, ndipo sayenera kukufotokozerani chifukwa chake.

Kasitomala wina wandichitira mwano lero. Ndingafotokoze nkhaniyo osatchula dzina?

Ndi bwino ayi. Za makasitomala, odwala, ana asukulu ndi aliyense amene munamudziwa chifukwa cha ntchito si zanu zoti mugawe, ngakhale atakulakwirani. Pa china chilichonse pa tsamba lino mungathe kutsutsana nane, koma apa pokha palibe kunyengerera. Namwino akalemba kuti usiku wathawu walandira bambo wa zaka za m'ma 50 amene anagwa pa denga ataledzera, dzina sanatchule, koma aliyense wodziwa banjalo wamuzindikira bamboyo, ndipo wadziwanso kuti anali ataledzera. Mphunzitsi akaposita pepala la mayeso la mwana kuti anthu aseke mayankho, mwanayo amazindikira zolemba zake, anzakenso chimodzimodzi.

Malamulo oteteza chinsinsi cha anthu akulimba m'mayiko ambiri. Ku America lamulo la HIPAA la 1996 limateteza mbiri ya odwala, ndipo ku European Union lamulo la GDPR linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Pa ntchito zokhala ndi kaundula, monga unamwino, udokotala ndi uloya, chimene chimatayika si ntchito ya pamalo amodzi yokha. Bungwe loyang'anira ntchitoyo litha kukulandani chilolezo chogwirira kulikonse.

Ndiye kuti ndizingokhala chete ngakhale malipiro akuchedwa ndipo tikugwira ntchito moika moyo pachiswe?

Ayi. Kusamala si kutseka pakamwa, ndipo makampani ena amagwiritsa ntchito mawu oti "kuteteza mbiri ya kampani" pofuna kuopseza anthu kuti asakambirane zimene ali ndi ufulu wokambirana. Mapangano a bungwe la International Labour Organization, nambala 87 la 1948 ndi nambala 98 la 1949, amateteza ufulu wa ogwira ntchito wopanga mabungwe awo ndi kukambirana limodzi ndi owalemba ntchito. Ku America lamulo la National Labor Relations Act la 1935 limateteza ogwira ntchito ambiri a m'makampani akamakambirana okhaokha za malipiro ndi mmene akugwirira ntchito, ndipo chitetezocho chimafika ndi pa intaneti. Mu 2010 bungwe loona za lamuloli linaimba mlandu kampani ina ya maambulansi ku Connecticut yomwe inachotsa wantchito atadzudzula womuyang'anira pa Facebook, anzake n'kuyankhirapo. Nkhaniyo inatha mu 2011 kampaniyo itavomera kusintha malamulo ake omwe ankaletsa zambiri mopitirira muyeso.

Koma onani bwino chimene chimatetezedwa. Kulemba kuti, "Anzanga, malipiro achedwanso. Tikumane tikambirane chochita," n'kosiyana ndi kulemba kuti, "Manijala uja ndi chitsiru komanso wakuba." Koyambako mukuitana anzanu pa vuto la nonse, ndipo mukunena chinthu chimene mungachitsimikize ndi payslip. Kwachiwiriko mwatukwana munthu n'kumunenezanso mlandu wa kuba, umene mukafunsidwa umboni mukhoza kusowa chogwira. Komanso si dziko lililonse lili ndi lamulo ngati la ku America.

Pali funso lina loti mudzifunse: mukufuna kuti vutolo lithe, kapena mukufuna mtima utsike? Ngati n'kuti lithe, kalata yosainidwa ndi anthu makumi awiri yoperekedwa kudzera ku bungwe la ogwira ntchito imalemera kuposa positi yokhala ndi ndemanga mazana za anthu osakudziwani. Ngati n'kuti mtima utsike, imbirani foni munthu amene mumamukhulupirira. Mawu a pafoni sakhala ndi screenshot.

Ndaona zakatangale kapena zoopsa kuntchito kwathu. Ndiziulule pa Facebook?

Muziulule ndithu, koma pa Facebook pasakhale poyambira. Mayiko angapo ali ndi malamulo oteteza oulula zoipa: Britain ili ndi Public Interest Disclosure Act ya 1998, South Africa ili ndi Protected Disclosures Act ya 2000, ndipo European Union inakhazikitsa lamulo lake mu 2019. Malamulowa amafanana pa chinthu chimodzi. Amateteza mosavuta munthu amene wakanena mkati mwa kampani kapena ku ofesi ya boma yoyang'anira nkhaniyo, pomwe woulula poyera amayenera kukwaniritsa mfundo zolimba, monga kuonetsa kuti anakanena koma palibe chinachitika, kapena kuti panali ngozi yosayembekezera mawa. Mukathamangira kuposita, mutha kutaya chitetezo chimene lamulo likanakupatsani. Mumachenjezanso wolakwayo kuti ayambe kung'amba mapepala ofufuza asanafike.

Lembani masiku, malo ndi zimene munaona ndi maso anu, mosiyanitsa ndi zimene munangomva. Kenako funsani loya kapena bungwe la ogwira ntchito musanatulutse chikalata chilichonse cha kampani.

Ndinalemba pa profile kuti "maganizo awa ndi anga, si a kampani". Zimanditeteza?

Zimathandiza kuti anthu asaganize kuti ndinu mneneri wa kampani. Sizichotsa mlandu pa mawu otukwana, a tsankho kapena oulula chinsinsi. Ndipo screenshot ikamayenda, chiganizo chimenecho chimatsala pa profile.

Sindinalembe ndine. Ndinangolayika ndi kusheya.

Makhoti ena amaona kulayika ngati kulankhula. Mu 2013 khoti la apilo ku America, pa mlandu wa ogwira ntchito mu ofesi ya sherifu (mkulu wa apolisi wosankhidwa ndi anthu) ku Virginia amene anataya ntchito pambuyo pa chisankho, linagamula kuti kulayika tsamba la wopikisana ndi sherifuyo pa chisankho ndi njira yofotokozera maganizo. Mu 2021 khoti la ku Europe loona za ufulu wa anthu linagamula kuti dziko la Turkey linaphwanya ufulu wa mayi wina wogwira ntchito yoyeretsa amene anachotsedwa chifukwa cholayika zolemba za ena pa Facebook. M'milandu iwiriyi mfundoyo inathandiza ogwira ntchito. Koma mfundo yomweyo ili ndi mbali ina: ngati kulayika n'kulankhula, ndiye kuti mukalayika positi yonyoza mnzanu wa kuntchito, mwanyoza nawo. Kusheya ndiye kumaposa pamenepo, chifukwa mwanyamula mawuwo n'kukawapereka kwa anthu atsopano m'dzina lanu.

Ine ntchito yanga ndimainyadira. Kuyamikira kampani kungakhalenso ndi vuto?

Nthawi zambiri ayi, ndipo makampani ambiri amakondwera nazo. Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kulengeza nthawi isanakwane. "Tapata kontrakiti yaikulu lero!" ndi nkhani yokoma, koma mwina kasitomalayo sanasainebe, kapena anapempha kuti alengeze yekha. M'makampani ogulitsa masheya pa msika, nkhani yotere imatha kukhudza mtengo wa masheya. Mu Julayi 2012 Reed Hastings, mkulu wa Netflix pa nthawiyo, analemba pa Facebook yake kuti m'mwezi wa Juni anthu anaonera Netflix maola oposa 1 biliyoni. Bungwe la SEC loyang'anira msika wa masheya ku America linamufufuza. Mu Epulo 2013 linasankha kusamuimba mlandu, koma linafotokoza kuti makampani angalengeze pa masamba a mchezo pokhapokha atauziratu ogula masheya kuti nkhani zizipezeka kumeneko. Ngati mkulu wa kampani anafufuzidwa chifukwa cha positi yonyadira, wantchito wamba asadziyese wotetezeka.

Wachiwiri ndi kuyamikira mobisala. Mukalemba ndemanga yotamanda katundu wa kampani yanu ngati kuti ndinu kasitomala wamba, mukunamiza owerenga. Ku America bungwe la Federal Trade Commission limafuna kuti wogwira ntchito anene poyera kuti amagwira kumeneko. Ngakhale kwanu kulibe lamulo lotero, nenani. "Ndimagwira ntchito kuno, koma ichi ndimachikondadi" si mawu ovuta kulemba.

Timajambula timavidiyo tovina ndi toseketsa pa nthawi yopuma, tili mu yunifolomu. Pali vuto?

Funsani kaye. Malo ena amalola, ena mpaka amalimbikitsa, koma yunifolomu imasandutsa kavidiyo kanu kukhala nkhope ya kampani. Mu Epulo 2009 antchito awiri a Domino's Pizza ku North Carolina anaika pa YouTube vidiyo akuchita zonyansa ndi chakudya m'khitchini. Iwo anati inali nthabwala ndipo chakudyacho sichinapite kwa kasitomala. Anachotsedwa ntchito, anaimbidwa mlandu, ndipo mkulu wa kampaniyo anachita kujambula vidiyo yopepesa. Woonera sadziwa kuti munali pa nthawi yopuma. Akaona anamwino akuvina m'wodi, amaganiza za wodwala wake amene anadikira pa benchi.

Nanga achibale anga akaposita za ntchito yanga?

Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Mu Okutobala 2017 injiniya wina wa Apple anachotsedwa ntchito mwana wake wamkazi ataika pa YouTube vidiyo yoonetsa iPhone X, imene inali isanayambe kugulitsidwa. Anaijambula atapita kukacheza ndi bambo ake kuntchito. Amene anasaina zosunga chinsinsi ndinu, choncho udindo wouza a kunyumba kuti "izi ndakuuzani inu nokha" ndi wanunso. Mayi wonyadira mwana wake akhoza kulengeza kukwezedwa kwanu kalata isanatuluke.

Abwana anditumizira pempho la ubwenzi pa Facebook. Ndivomere?

Simukakamizidwa. Mungawauze mwaulemu kuti, "Bwana, Facebook ndimasungira za kunyumba, koma pa LinkedIn ndikulandirani." Ambiri amamvetsa. Mukavomera, dziwani kuti mwawatsegulira ndi zithunzi za zaka khumi zapitazo zomwe. Ndipo ngati bwanayo ndinu, ganizirani kawiri musanatumize pempholo: wantchito wanu amavutika kukana, ndipo mudzaona zinthu za moyo wake, monga matenda kapena chipembedzo, zimene tsiku lina angadzanene kuti n'zimene munamuchotsera.

Kodi kampani ili ndi ufulu wofuna pasiwedi yanga kapena kuwerenga mauthenga anga?

Pasiwedi ya akaunti yanu musapereke. Mu 2012 Maryland inakhala chigawo choyamba ku America kuletsa olemba ntchito kufuna mapasiwedi a masamba a mchezo, ndipo zigawo zina zambiri zinatsatira.

Zipangizo za kampani ndi nkhani ina. Laputopu, foni, imelo ndi Wi-Fi ya kuntchito zimatha kuyang'aniridwa, ngakhale kuti nakonso kuli malire. Mu Seputembala 2017 khoti la ku Europe loona za ufulu wa anthu linagamula mokomera injiniya wa ku Romania amene anachotsedwa ntchito mu 2007 olemba ntchito atawerenga mauthenga ake a pa Yahoo Messenger opita kwa chibwenzi chake ndi m'bale wake. Khotilo linati makhoti a kwawo sanafufuze ngati anauzidwiratu kuti mauthenga ake aziwerengedwa komanso mpaka pati. Chigamulocho sichinaletse kuyang'anira, chinangoti kuzichitika moyenera ndipo munthu azidziwiratu. Anadikira zaka 10 kuti amve zimenezi. Njira yachidule n'kusatsegula akaunti zanu pa kompyuta ya kampani.

Ndine amene ndimayendetsa tsamba la kampani pa foni yanga. Ndisamale chiyani?

Kuposita pa akaunti yolakwika. Mu Malichi 2011 wantchito wa kampani imene inkayendetsa Twitter ya Chrysler analemba uthenga wotukwana madalaivala a ku Detroit, akuganiza kuti ali pa akaunti yake, pomwe anali pa ya Chrysler, kampani ya magalimoto ya kudera la Detroit komweko. Iye anachotsedwa, ndipo kampani yake inataya kontrakiti. Ngati n'kotheka, akaunti ya kampani ikhale pa chipangizo china kapena pa pulogalamu ina. Ngati sizitheka, yang'anani kachithunzi ka pakona musanadine.

Olemba ntchito nawonso ali ndi phunziro lawo. Mu Januwale 2013 kampani ya HMV ya ku Britain ikuchotsa antchito, wina mwa ochotsedwawo ankalemba zonse zimene zinkachitika pa Twitter ya kampaniyo, chifukwa makiyi a akauntiyo anali nawo ndi iye. Kampani imene sidziwa amene ali ndi mapasiwedi ake isadabwe.

Ndili pa tchuthi chodwala. Ndingaposite?

Kudwala sikutanthauza kutsekeredwa m'nyumba, ndipo matenda ena dokotala amachita kulangiza kuti muziyendako. Koma ngati munati msana sukulolani kukhala pa mpando, vidiyo ya kuphwando mukuvina idzafuna kufotokozera. Chithunzi chakale muchilembe kuti n'chakale. Samalaninso ndi anzanu okonda kukutagani.

Kuntchito kwathu kulibe malamulo olembedwa a za masamba a mchezo. Ndiye kuti zonse n'zololedwa?

Ayi. Werenganinso mgwirizano wanu wa ntchito. Ndime zokamba za kusunga chinsinsi, kusazunza anzanu ndi kusaipitsa mbiri ya kampani zimagwira ntchito pa intaneti ngati mmene zimagwirira m'khonde la ofesi. Komabe kampani yopanda malamulo omveka imavutika kuonetsa kuti inachotsa munthu mwachilungamo, choncho kupempha a HR kuti alembe malamulowo kumathandiza mbali zonse. Akalemba, muwawerenge ndi diso lakuthwa. Lamulo loti "musanene chilichonse chokhudza kampani kulikonse" ndi lopitirira, ndipo m'mayiko ena makhoti ndi mabungwe a boma amalikana.

Ndaposita kale chinthu chimene sindinayenere. Nditani tsopano?

Madzi akatayika sawoleka, koma mutha kuletsa kuti asafalikire. Yambani mwajambula positiyo ndi ndemanga zake zonse, muzisunge, kuti pasadzapezeke wina woonjezera mawu amene simunalembe. Kenako ichotseni. Ngati kafukufuku wayamba kale kapena mwauzidwa kuti musafufute kanthu, funsani kaye woimira bungwe la ogwira ntchito kapena loya, chifukwa kufufuta pa nthawi imeneyo kumaoneka ngati kubisa umboni.

Ngati mwaulula chinsinsi cha kasitomala kapena pasiwedi, kauzeni abwana nthawi yomweyo, asanamve kwa wina. Pansi pa GDPR kampani imakhala ndi maola 72 okha oti ikanene ku ofesi yoyang'anira ikadziwa kuti chinsinsi cha anthu chatuluka, ndiye ola lililonse limene mwabisa limawapanikiza. Musanamizire kuti akaunti yanu inabedwa ngati sinabedwe. Bodza limenelo silichedwa kugwidwa, ndipo komiti imatha kukhululuka positi koma osakhululuka bodzalo. Popepesa, pepesani kwa amene mwamulakwira, mwachidule, osati kulemba positi ina yaitali yodziikira kumbuyo imene ingoitana ndemanga zatsopano.

Mukaitanidwa ku komiti, pemphani kuti akuonetseni mlandu wanu molembedwa ndi lamulo limene akuti mwaphwanya. Pangano nambala 158 la International Labour Organization la 1982 limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo mayiko ambiri ali ndi mfundo yofanana m'malamulo awo. Pitani ndi mnzanu kapena woimira bungwe ngati malamulo a pamalopo akulola.

Ndasiya ntchito. Tsopano ndinganene zonse zili kukhosi?

Kukuchotsani sangathenso, koma ndime ya kusunga chinsinsi nthawi zambiri imapitirira ngakhale ntchito itatha, ndipo ngati munasaina mgwirizano wina potsanzikana, uwerengeni musanalembe kanthu. Lamulo loletsa kuipitsa mbiri ya munthu nalonso silinathe. Mungafotokoze zoona za mmene munagwirira ntchito, monga kuti maola anali aatali kapena malipiro ankachedwa, bola zikhale zimene mungatsimikize. Dziwaninso kuti amene mukukafunsira ntchito mawa akhoza kuwerenga, ndipo iye sadzamva mbali ya abwana anu akale, adzangoona mmene mumalankhulira za malo amene mwachoka. Musanatuluke pa geti, tulukani m'magulu a WhatsApp a kuntchito, perekani mapasiwedi a masamba a kampani kwa wolowa m'malo mwanu, pemphani kuti akuchotseni pa u-admin, ndipo sinthani pa profile pomwe palembedwa kuti mukugwirabe kumeneko.